Miseu ya M'kati mwa Mutu: Mbiri ya Kuona Ukalamba wa Ubongo



Ambiri a inu mukhala ndi agogo anu, ndipo mwaona kuti masiku ano sacita zinthu msanga monga kale. Mukawafunsa funso, ayamba akhala cete, ndipo yankho libwera mocedwa. Mukawauza zinthu zitatu nthawi imodzi, agwira cimodzi, ziwiri zitayika. Koma agogo omwewo akayamba kufotokoza mbiri ya mudzi, kapena kuweruza mlandu wa m'banja, mau ao ali ndi nzeru zimene inu ndi ine tiribe. Nanga ngati nzeru zikalimo, cimene cacedwa m'mutu mwao n'ciani?

Funso limeneli linabvuta madotolo zaka mazana ambiri. Mbali yaikulu ya yankho lake iri m'cinthu cochedwa mnofu woyera wa ubongo. Nkhani ino ndi mbiri ya m'mene anthu anapezera njira yoonera mnofu umenewu m'mutu wa munthu wamoyo, ndi zimene anapeza kuti ukalamba umacita m'menemo.

Mnofu wotuwa ndi mnofu woyera

Tiyambe ndi cinthu cimene ambiri a inu munacionapo. Pa mudzi akapha mbuzi naswa mutu wake, ubongo uoneka wofewa ndi wamakwinya. Mukaudula pakati ndi mpeni wakuthwa, mudzaona mitundu iwiri. Kunja kuli mnofu wotuwa, wopyapyala monga khungwa la mtengo. M'kati muli mnofu woyera. Ubongo wa munthu uli cimodzimodzi, kungoti ndi waukulu: wa munthu wamkulu ulemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400.

Mu mnofu wotuwa ndimo mukhala tinthu tamoyo tating'ono kwambiri tochedwa maselo a ubongo. Mu ubongo wonse muli maselo otere pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo ndiwo agwira nchito ya kuganiza, kukumbukira ndi kulamula thupi. Koma selo limodzi palokha silingacite kanthu. Liyenera kulankhula ndi anzake. Cotero selo litulutsa kaulusi kakatali kamene kapita kwa maselo ena, apafupi kapena akutali. Timaulusi timeneti tikasonkhana pamodzi m'mitolo, ndito tipanga mnofu woyera. Mtolo umodzi wokha, umene ulumikiza mbali ya kumanja ya ubongo ndi ya kumanzere, uli ndi timaulusi pafupifupi mamiliyoni 200.

Kuyera kwake kucokera ku mafuta. Monga nthambo ya magetsi ikutidwa ndi mphira, kaulusi ka ubongo kakutidwa ndi mafuta oyera ochedwa myelin. Pa kaulusi kopanda cokutira cimeneci, uthenga uyenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Pa ulusi waukulu wokutidwa bwino, ungathe kupitirira mamita 100 pa sekondi. Tinganene tsono kuti mnofu wotuwa ndiwo midzi, ndipo mnofu woyera ndiwo miseu. Mudzi ungakhale ndi nkhokwe zodzala, koma ngati mseu wakumbika, cimanga cicedwa kufika ku msika. Musunge citsanzo cimeneci, pakuti tidzabwerera kwa ico.

Nthawi ya mpeni

Kale kunalibe njira ina yoonera ubongo koma kudikira munthu afe. M'caka ca 1543 Andreas Vesalius, mphunzitsi wa madotolo ku Padua m'dziko la Italy, anasindikiza buku la zithunzi za thupi la munthu, ndipo m'zithunzi za ubongo mnofu wotuwa ndi woyera unaoneka wosiyana. Mu 1665 Nicolaus Steno wa ku Denmark, polankhula kwa anthu ophunzira mu mzinda wa Paris, anawauza kuti mnofu woyera ndi timaulusi, ndipo anawalangiza kuti atsate timaulusito mosamala kuti aone kumene tipita. Koma ubongo ndi wofewa monga phala, ndipo timaulusi tinali kuduka m'manja. Raymond Vieussens wa ku France, amene buku lake linaturuka mu 1684, anali kuwiritsa ubongo m'mafuta kuti ulimbe, ndipo pambuyo pake n'kumausenda pang'onopang'ono. Dzina lakuti myelin linabwera mu 1854, ndipo amene analipereka ndi Rudolf Virchow wa ku Germany.

Nanga za okalamba? Mu 1842 dotolo wina wa ku France, Maxime Durand-Fardel, amene anapima mitembo ya nkhalamba zambiri m'zipatala za mu Paris, analemba kuti mu mnofu woyera wa ena mwa iwo munali timabowo tambirimbiri tonga ta sefa, ndipo m'kabowo kalikonse munali kamtsempha ka magazi. Mu 1894 Otto Binswanger wa ku Jena, ku Germany, anafotokoza za odwala acikulire amene nzeru zao zinali kucepa pang'onopang'ono. Atafa, anapeza kuti mnofu wotuwa sunaonongeke kwambiri, koma mnofu woyera unali utafota. Iye anaganiza kuti cifukwa cake cinali kuuma kwa mitsempha ya magazi. Mu 1902 Alois Alzheimer, yemwe uja dzina lake lichulidwa pa nthenda ina ya kuiwala, anapima ubongo wotere ndi galasi lokuza tinthu, nabvomereza, ndipo anaicha nthendayo dzina la Binswanger.

Anthu awa anaona zoona, koma mpeni uonetsa mapeto a nkhani okha. Sunathe kuwauza kuti kuonongeka kunayamba liti, kapena kuti ndi okalamba angati amoyo amene anali nako. Cotero kwa zaka pafupifupi 80 madotolo anayesa kuti imeneyi ndi nthenda yosowa, ndipo maso ao onse anali pa mnofu wotuwa. Ambiri anakhulupirira kuti munthu akamakalamba, maselo a ubongo angofa mwaunyinji tsiku ndi tsiku.

Kuunika m'kati mwa cigaza

M'mwezi wa November 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg anatulukira X-ray. Kuunika kumeneku kunaonetsa mafupa bwino lomwe, koma pa mutu kunaonetsa cigaza cabe. Ubongo unali ngati nkhungu. Mu 1918 Walter Dandy wa ku Baltimore, ku America, anayesa nzeru ina. Pakati pa ubongo pali timapanga todzala ndi madzi. Iye anacotsako madzi ena nalowetsamo mpweya, ndipo timapangato tinaoneka pa X-ray. Njirayi inathandiza kupeza zotupa, koma odwala anali kumva mutu woopsa ndi kusanza, ndipo mnofu woyera weniweniwo sunaoneke ai.

Khomo linatsegulidwa ndi anthu awiri amene sanali madotolo. Woyamba anali Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite ya Cape Town. Mu 1956, pothandiza pa cipatala ca Groote Schuur, anadzifunsa kuti: ngati tiunika thupi ndi X-ray kucokera mbali zambiri, kodi sitingawerengere ndi masamu cimene ciri m'kati? Anasindikiza masamu ake mu 1963 ndi 1964 ali ku America, koma ndi ocepa amene anasamalako. Waciwiri anali Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku Britain, amene mosadziwa za Cormack anapanga makina ocita zomwezo ndi kompyuta. Pa 1 October 1971, pa cipatala ca Atkinson Morley mu London, iye ndi dotolo James Ambrose, wobadwira ku South Africa, anajambula mutu wa mai wina wodwala, ndipo cotupa cinaoneka poyera. Makinawo ndiwo achedwa CT. Aonetsa ubongo m'magawo m'magawo, monga m'mene tidulira buledi, koma popanda mpeni. Cormack ndi Hounsfield analandira mphoto ya Nobel mu 1979.

Makina a CT atafala m'zipatala, madotolo anadabwa. Pa zithunzi za okalamba ambiri, mnofu woyera wozungulira timapanga ta madzi tija unaoneka wodera, ngati nsaru yothetheka. Ena mwa anthuwo anali odwala, koma ena anali bwino ndithu. Kodi onsewa anali ndi nthenda ya Binswanger? Mu 1987 Vladimir Hachinski wa ku Canada ndi anzake anacenjeza kuti si bwino kupatsa cithunzi dzina la nthenda. Anapanga liu latsopano lakuti leukoaraiosis, locokera ku mau awiri a Cigiriki otanthauza kuyera ndi kupyapyala. Liu limeneli lingonena cimene diso laona, ndipo lisiya funso la cifukwa cake kuti lifufuzidwe.

Maginito ndi mafunde a wailesi

Pa nthawi yomweyo makina ena oposa CT anali kubadwa. Paul Lauterbur wa ku America anasonyeza njira yake mu 1973, ndipo Peter Mansfield wa ku Nottingham anapeza m'mene zithunzi zingatengedwere msanga. Mu 1980 wodwala anajambulidwa ndi makina otere ku Aberdeen, ku Scotland. Makinawa achedwa MRI, ndipo Lauterbur ndi Mansfield analandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Agwira nchito motere. Mbali yaikulu ya thupi lathu ndi madzi. Munthu agona m'kati mwa maginito wamphamvu zedi, ndipo tinthu tating'ono ta m'madzi a m'thupi tifola mbali imodzi, monga ana pa mzere wa m'mawa. Kenaka makina atumiza mafunde a wailesi, a mtundu womwewo umene ufikitsa mau athu m'kalasi mwanu, ndipo tinthu tija tigwedezeka. Mafundewo akaleka, tibwerera pa mzere, ndipo pobwerera titulutsa kamfuu kamene makina akamva. Kompyuta isandutsa kamfuuko cithunzi. Mnofu woyera wabwino uli ndi mafuta ambiri ndi madzi ocepa. Koma pamene myelin waonongeka, madzi aculuka. Malo amenewo, amene pa CT anaoneka odera, pa zithunzi za MRI zoonetsa madzi awala mbee, ngati mawanga a laimu pa khoma.

Kuti madotolo a maiko osiyana amvane, panafunika muyeso umodzi. Mu 1987 Franz Fazekas wa ku Austria ndi anzake anapereka muyeso wa manambala kuyambira 0 kufika 3. Nambala 0 ndiye kuti palibe mawanga. 1 ndi timadontho tapatalipatali. 2 ndi madontho amene ayamba kugwirana. 3 ndi mawanga akulu ogwirana. Muyeso umenewu ukali kugwiritsidwa nchito m'zipatala.

Kuwerenga mawanga

Popeza MRI sifuna mpeni kapena X-ray, kunatheka kujambula ngakhale anthu osadwala. Mu 1996 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 3,301 a zaka 65 ndi kuposerapo: amene analibe banga konse sanafike 5 pa 100 alionse. Mu 2001 ofufuza a ku Rotterdam, ku Netherlands, anapeza zofanana pa anthu 1,077 a zaka 60 kufika 90: anthu 5 okha pa 100 ndiwo analibe mawanga. Cinthu cimene kale cinayesedwa cosowa cinapezeka kuti ciri pafupifupi mwa wokalamba aliyense, monga imvi.

Koma imvi ndi imvi zisiyana. Ambiri anali ndi timadontho towerengeka, tosabvuta. Ena anali ndi mawanga akulu. Ofufuza atafunsa kuti a mawanga akuluwo ndi ati, yankho linali kubwera limodzimodzi m'maiko onse: oyamba ndi okalamba kwambiri, ndipo otsatira ndi amene akhala zaka zambiri ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene tiicha BP. Kukoka fodya ndi matenda a shuga nazonso zionjezera bvutoli.

Cifukwa cake ciri m'kayendedwe ka magazi. Mitsempha yaikulu iyenda kunja kwa ubongo, ndipo titsempha tating'ono, tatitali ndi topyapyala, tilowa m'kati kukadyetsa mnofu woyera. Malo a pakati penipeni ali monga dimba la kumapeto kwa ngalande: madzi akacepa, ndilo liyamba kuuma. Magazi akamagunda mwamphamvu zaka ndi zaka, makoma a titsemphato akhuthala nauma, njira icepa, ndipo ulusi ndi cokutira cake zisowa cakudya. Binswanger anaganiza bwino mu 1894. Cimene sanathe kudziwa ndi kuculuka kwa anthu amene bvutoli liwakhudza.

Mu 2010 Stéphanie Debette ndi Hugh Markus anasonkhanitsa zofufuza zambiri za anthu amene anatsatidwa kwa zaka. Anapeza kuti mwa anthu a mawanga ambiri, ngozi ya sitiroko iri pafupifupi katatu kuposa mwa ena, ndipo ngozi ya nthenda ya kuiwala ndi kusokonezeka nzeru iri pafupifupi kawiri. Ofufuza ena a ku Ulaya anaonanso kuti anthu otere ayenda mokwekweretsa mapazi, agwa kawirikawiri, abvutika kusunga mkodzo, ndipo ena akhala ndi cisoni cosadziwika cocokera.

Kutsata madzi

Mawanga aonetsa pamene mseu wakumbika kale. Nanga mseu umene uoneka wabwino koma wayamba kufooka pansi? Njira yoonera zimenezi inacokera ku cinthu cakale. Mu 1827 Robert Brown wa ku Scotland, poyang'ana ndi galasi lokuza tinthu, anaona kuti tifumbi tocokera mu mungu wa maluwa tibvinabvina m'madzi osaleka. Pambuyo pake kunadziwika kuti madzi enieniwo ndiwo sakhala cete. Tinthu take tiyendayenda nthawi zonse. Mu 1985 Denis Le Bihan wa ku France anasonyeza kuti MRI ingathe kupima kuyendayenda kumeneku mu ubongo. Mu 1990 Michael Moseley wa ku America anaona kuti mu mnofu woyera madzi sayenda mbali zonse mofanana, koma atsata ulusi. Mu 1994 Peter Basser, James Mattiello ndi Le Bihan anapanga njira yowerengera bwino mbali imene madzi alowera, ndipo njirayo ichedwa DTI.

Ganizani za nzimbe. Madzi ake ayenda mosabvuta kutsata utali wa nzimbeyo, koma kudutsa m'mbali n'kobvuta cifukwa ca mitsitsi yake yothinana. Nzimbe ikafumbwa, mitsitsi imasuka, ndipo madzi angomwazika. Ulusi wa ubongo uli cotero. Pamene uli wothinana ndi wokutidwa bwino, madzi atsata njira imodzi; pamene wafooka, amwazika. Ndi njira imeneyi kompyuta ijambula mitolo ya ulusi m'mutu wa munthu wamoyo. Cimene Steno anapempha mu 1665 cinacitika patapita zaka zoposa 300.

Ca m'ma 2000 Adolf Pfefferbaum ndi Edith Sullivan a ku California, ndiponso ofufuza a ku London, anapima acinyamata ndi okalamba ndi njira imeneyi. Anapeza zinthu ziwiri. Coyamba, ulusi ufooka ndi ukalamba ngakhale m'malo amene mulibe banga. Caciwiri, kufookaku kukula kwambiri kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa mphumi, kuposa kumbuyo. Paul Flechsig wa ku Leipzig anali ataonetsa kale, popima ubongo wa makanda, kuti ulusi sukutidwa ndi myelin nthawi imodzi, ndi kuti wa kutsogolo uli pakati pa umene umalizira. Tsono umene umalizira kukhwima ndiwo uyamba kutopa.

Mbali ya kutsogolo imeneyi ndiyo ikonza zocita, isunga zinthu zingapo m'maganizo nthawi imodzi, ndi kutembenuka msanga kucoka pa nchito ina kupita pa ina. Ofufuza apeza mobwerezabwereza kuti anthu amene ulusi wao wafooka kwambiri ndiwo acedwa pa mayeso ofuna liwiro. Koma pa mayeso a mau ndi a zinthu zimene munthu anaphunzira m'moyo, okalamba athanzi sagonja kwa acinyamata. Funso lathu lija layankhidwa: nkhokwe za agogo zikali zodzala, koma mseu ndiwo wakumbika.

Kutalika kwa ulusi

Galasi lokuza tinthu linabvomereza zimene makina anaona. Ku Denmark, Bente Pakkenberg ndi Hans Jørgen Gundersen anawerenga maselo a mnofu wotuwa wa kunja kwa ubongo, ndipo mu 1997 anafalitsa kuti pakati pa zaka 20 ndi 90 munthu ataya maselo pafupifupi 10 okha pa 100 alionse. Cikhulupiriro cakale cija, cakuti maselo angofa mwaunyinji, cinagwa. Mu 2003 Lisbeth Marner, Pakkenberg ndi anzao anapima kutalika kwa ulusi wokutidwa ndi myelin mu ubongo wa anthu 36. Anawerengera kuti mwamuna wa zaka 20 ali ndi ulusi wokwana makilomita 176,000, ndipo mkazi makilomita 149,000. Popeza kuzungulira dziko lonse lapansi ndi makilomita 40,000, ulusi wa m'mutu umodzi ungalizungulire pafupifupi kanai. Pofika zaka 80, ulusiwo unali utacepa ndi magawo 45 pa 100, ndipo umene unatayika kwambiri ndi wopyapyala.

Mu 2022 gulu lalikulu la ofufuza, lotsogozedwa ndi Richard Bethlehem wa ku Cambridge ndi Jakob Seidlitz wa ku Philadelphia, linasonkhanitsa zithunzi za MRI 123,984 za anthu 101,457, kuyambira ana osabadwa kufika nkhalamba ya zaka 100. Anapanga cinthu conga khadi lija la ku sikelo limene amai alandira ku kiliniki, koma la ubongo. Linaonetsa kuti mnofu wotuwa wa kunja ufika pa kukula kwake kwenikweni mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Mnofu woyera upitiriza kukula kufikira zaka pafupifupi 29, ndipo uyamba kucepa mofulumira munthu akapitirira zaka 50. Inu ana a sukulu, miseu ya m'mutu mwanu ikali kumangidwa.

Kodi pali cimene tingacite?

Ukalamba sungaletsedwe, koma kugunda kwa magazi kungacepetsedwe. Mu 2019 madotolo a ku America anafalitsa zotsatira za kuyesa kochedwa SPRINT MIND. Anthu a BP a zaka 50 ndi kuposerapo anagawidwa pawiri. Gulu lina linapatsidwa mankhwala kuti nambala ya pamwamba ya BP ikhale pansi pa 140, ndipo lina pansi pa 120. Anthu 449 anajambulidwa ndi MRI poyamba ndiponso patapita zaka pafupifupi 4. M'magulu onse awiri mawanga anakula, koma m'gulu loyamba anakula ndi masentimita a kiyubu 1.45, pamene m'gulu laciwiri anakula ndi 0.92 cabe. Nambala yoyenera munthu aliyense aidziwa ndi dotolo wake, koma phunziro lake n'loonekeratu: kusamala BP ndiko kusamala miseu ya m'mutu.

Ndiponso mnofu woyera si nthambo yakufa ai. Mu 2009 ofufuza a ku Oxford anaphunzitsa acinyamata kuponya ndi kuwakha mipira itatu mosinthana, monga m'mene atsikana awakhira mwala pa ciyato. Patapita milungu 6, njira ya DTI inaonetsa kusintha mu ulusi wa mbali ya ubongo imene igwirizanitsa maso ndi manja. Cimene munthu aphunzira cisiya mapazi ake mu mnofu woyera.

Mbiri imeneyi inacitikira kwambiri ku Ulaya ndi ku America, kumene makina a MRI ndi ambiri. Makinawa ndi a mtengo wapatali, ndipo apezeka m'zipatala zazikulu zokha. Koma mitsempha ya magazi ya munthu ndi imodzimodzi kulikonse, ndipo BP iri pakati pathu, m'tauni ndi m'midzi momwe. Kawirikawiri siwawa, ndipo munthu angakhale nayo zaka zambiri osadziwa. Kacipangizo kopimira BP, kaja kokulunga pa mkono, kapezeka ngakhale pa kiliniki yaing'ono. Makolo anu a zaka 40 kapena 50 akapimitsa tsopano, namwa mankhwala osadukiza ngati awapatsa, nacepetsa mcere, naleka fodya, ateteza ubongo umene adzakhala nao pa zaka 75.

Cotsiriza ndi ici. Kucedwa kuyankha ndi ukalamba wamba, ndipo kufuna cipiriro cathu cabe. Koma agogo akayamba kusokera pa njira imene aidziwa, kuiwala maina a ana ao, kapena kuturuka usiku osadziwa kumene apita, imeneyo ndi nthenda, ndipo ayenera kupita nao ku cipatala. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, kapena dzanja likalefuka, kapena mau akasokonekera, musadikire kuti kuce. M'midzi ina nkhalamba yopezeka pa khomo la eni usiku ichedwa mfiti, ndipo ena amenyedwa kapena kupitikitsidwa. Malamulo a Zambia aletsa kuloza munthu cala ndi kumucha mfiti. Inu amene mwawerenga mbiri iyi mudziwa cimene madotolo anacifuna zaka zoposa 400 kufikira anaciona ndi maso: m'mutu wa nkhalamba yotere muli titsempha touma ndi ulusi woduka. Mukaipeza, igwireni dzanja, muiperekeze kwao.

Kwa aphunzitsi

Imikani ana 20 pa mzere atagwirana manja ndipo atatsinzina. Woyamba afinye dzanja la mnzake, ndipo aliyense akamva apitirize kwa wotsatira. Pimani ndi wochi nthawi imene uthenga utenga kufika kwa wotsiriza. Bwerezani kasanu, ndipo ana aone ngati nthawi icepa pamene azolowera. Bweretsaninso nzimbe ndi kacidutswa ka nthambo yakale ya magetsi, kuti ana aone mitsitsi ndi cokutira.

Mwana aliyense akafunse wokalamba wa kwao funso limodzi la mbiri ya mudzi, adikire yankho popanda kumudula mau, ndipo adzalifotokoze m'kalasi.

Mafunso

1. Kodi n'ciani cimene cipangitsa mnofu woyera kukhala woyera, ndipo cigwira nchito yanji?
2. Cifukwa ninji madotolo akale anayesa kuti kuonongeka kwa mnofu woyera ndi nthenda yosowa?
3. Chulani anthu awiri obadwira ku South Africa amene ali m'mbiri ya makina a CT.
4. Fotokozani m'mau anu citsanzo ca dimba la kumapeto kwa ngalande.
5. Mungacite ciani mutapeza nkhalamba yosokera pa khomo panu usiku?